Yankho kwa amalume pa nkhani yokweza loji pa Google

Amalume, ndakulonjerani pamodzi ndi abale nonse amene muli pagulu lathu lino. Ndamvetsera funso lanu lokhudza mnyamata amene wabwera kuloji kwanu ku Nkhata Bay n'kulonjeza kuti mukamulipira, dzina la lojiyo lizioneka poyamba anthu akamafufuza malo ogona pa Google. Mwati akufuna kukugulirani malinki ambirimbiri (mawu apamawebusaiti ena amene munthu akawadina amafika pawebusaiti yanu), kulembetsa ndemanga zoyamikira ngati kuti alemba ndi alendo, komanso kubisa mawu ena pawebusaiti kuti Google iziwawerenga koma anthu osawaona, ndipo mukufuna kudziwa ngati zimenezi n'zololedwa kapena ndi chinyengo. Ndiyankha mofatsa, chifukwa ndalama zake n'zanu ndipo mbiri ya lojiyo mwaivutikira kwa zaka zambiri.

Ntchito imene akunenayo, yothandiza webusaiti kuti izioneka pamwamba anthu akamafufuza pa Google, amaitcha SEO, ndipo payokha ilibe choipa. Kukonza webusaiti kuti izitseguka msanga pafoni ngakhale netiweki ili yofooka, kulemba momveka kumene loji ili, mtengo wa chipinda, nambala yoimbira ndi njira yochokera ku Mzuzu, kuika zithunzi zenizeni za zipinda ndi gombe, zonsezi zimathandiza Google kumvetsa malo anu ndipo palibe munthu amene wanamizidwa. Vuto lili pa zinthu zitatu zimene iye watchulazo.

Ndiyambe ndi malinki. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa Google mu 1998, nzeru yawo inali yakuti webusaiti ina ikaika linki yolozera kwa inu, ndiye kuti ikukuchitirani umboni kuti muli ndi zothandiza, ndipo amene ali ndi maumboni ambiri ochokera kumalo odalirika ndiye ayenera kukhala pamwamba. Choncho kugula malinki kuli ngati kugula mboni kubwalo kwa amfumu: mlandu mukhoza kupambana, koma amene wataya ndi mnzanu amene ananena zoona. Mu February 2011, nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America ya JC Penney inkatuluka poyamba anthu akafufuza madiresi, zofunda ndi katundu wina wambiri chifukwa cha malinki masauzande amene anamwazidwa pamawebusaiti osagwirizana n'komwe ndi malonda ake. Google inaigwetsera pansi kwambiri. Eni sitoloyo anati sankadziwa zimene zinkachitika ndipo anachotsa kampani imene inkawagwirira ntchitoyo, koma chilango chinagwera dzina lawo, osati la wantchitoyo. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, amalume, chifukwa mnyamatayo akadzalandira ndalama zake adzapita kwa kasitomala wina, pamene inu mudzatsala ndi webusaiti imene sikuonekanso.

Za kubisa mawu sindichedwapo, chifukwa njira imeneyi inatha ntchito kalekale. Mu 2006 Google inachotsa webusaiti ya BMW ya ku Germany chifukwa inkaonetsa makina a Google masamba ena odzaza mawu, anthu n'kumaona ena. BMW inakonza zolakwikazo n'kubwezeretsedwa patangopita masiku ochepa, koma loji yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja ilibe akatswiri oti aithamangire choncho. Ndipo kuyambira mu 2012, pamene Google inakhazikitsa njira yake yotchedwa Penguin, malinki ogula ambiri amazindikirika ndi makina okha.

Komabe sindikufuna kuti tiziweruza nkhaniyi potengera malamulo a Google okha. Google ndi kampani yamalonda imene imapeza ndalama zake zambiri potsatsa malonda, ndipo malamulo ake amateteza bizinesi yake. Nayonso inapezekapo itaphwanya lamulo lake lomwe mu 2012, mpaka inatsitsa kwa kanthawi tsamba la Chrome, pulogalamu yake yotsegulira mawebusaiti. Funso limene ine ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi pamapeto pake wanamizidwa ndani, nanga wapwetekeka ndani? Ndipo pa funso limeneli, ndemanga zopeka ndiye zoipitsitsa pa zonse zitatu.

Taganizirani mayi wa ku Lilongwe amene wasunga ndalama kwa miyezi ingapo kuti atengere ana ake kunyanja patchuthi. Usiku watenga foni n'kuwerenga ndemanga yakuti madzi otentha sasowa, chakudya chimabwera msanga ndipo chipinda chilichonse chimayang'ana kunyanja. Wakhulupirira chifukwa akuganiza kuti walemba ndi mlendo mnzake, watumiza ndalama pa Mpamba, wakwera basi ulendo wautali wonsewo. Koma amene analemba ndemangayo sanapondepo ku Nkhata Bay, ndipo mwina sadziwa kuti zipinda zina zili kuseri, zoyang'ana kumsewu. Ngakhale loji yanu ili yabwino, ndipo ine ndikudziwa kuti ndi yabwino, mayiyo wasankha potengera mawu a munthu amene kulibe. Winanso amene waberedwa ndi mwini loji yoyandikana nanu, amene nyenyezi zake, zimene alendo amapereka pandemanga posonyeza mmene akhutirira, anazipeza pochapa mashiti ndi kudzuka m'mamawa kuphikira alendo.

Maiko ena afika poiona nkhaniyi ngati mlandu weniweni. Ku Italy, mu 2018, khoti linalamula kuti munthu wina amene ankagulitsa ndemanga zopeka za pa TripAdvisor, webusaiti imene alendo amalembapo ndemanga, kwa eni mahotela ndi malo odyera akakhale kundende miyezi 9. Ku America bungwe la Federal Trade Commission linaika lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zoterozo mu 2024, ndipo ku Britain lamulo lofanana nalo linayamba kugwira ntchito mu 2025. Kuno kwathu bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa ndi otsatsa malonda.

Pali malo ena pamene malire ake amavuta kuwaona, ndipo ndi bwino ndiwatchule. Kupempha mlendo amene wagonadi kwanu kuti akalembe mmene waonera malowo n'kwabwino, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muzichita zimenezi pamene akubweza kiyi. Koma kumulonjeza chakumwa chaulere kapena kumuchotsera mtengo kuti apereke nyenyezi zisanu ndi kugula ndemanga ndithu, ngakhale wolembayo ndi mlendo weniweni. Ndipo abale amene mukumva uthenga uno, ndikudziwa kuti ena mwaganiza kale zothandiza amalume polemba ndemanga pamafoni anu. Chonde, amene simunagonepo kumeneko musalembe, ndipo amene munagonapo mulembe zimene munaona. Mtolankhani kapena wolemba za maulendo akabwera n'kugona mwaulere, palibe cholakwika, bola anene poyera m'nkhani yake kuti sanalipire.

Za mnyamatayo, sindikunena kuti mumuthamangitse, chifukwa n'kutheka kuti anangophunzira njira zimenezi kwa anzake osadziwa kuopsa kwake. Koma dziwani kuti Google yeniyeniyo imachenjeza kuti palibe munthu amene angatsimikizire wina malo oyamba, choncho lonjezo lakelo likhale chenjezo kwa inu. Mumufunse kuti malinkiwo achokera pamawebusaiti ati, akutchulireni maina ake, ndiponso akuonetseni chilichonse chimene akufuna kusintha pawebusaiti asanachisinthe. Dzina la webusaiti ndi mapasiwedi onse zikhale m'manja mwanu, osati mwake. Ngati angavomere kugwira ntchito yoonekera, monga kulembetsa loji pa Google Business Profile, komwe n'kwaulere, kukonza kuti malo anu azioneka molondola pamapu, kujambula zipinda mmene zililidi, ndi kulemba zimene alendo amafunsa kawirikawiri, monga masiku amene sitima ya Ilala imafika padoko ndi mmene munthu angapitire ku Likoma, mumulipire bwino, pakuti ntchito imeneyo ndi yaikulu ndipo zipatso zake zimatenga miyezi kuti zioneke. Ngati angakane n'kumaumirira za ndemanga zogula, ndalama zanu musamupatse. Mukakumananso naye, mundiimbire kuti ndilankhule naye inu muli pomwepo.