Funsani Tikuyankheni: Kubisa mapaipi m'miyala ya thanki ya makorali

FUNSO: Akonzi, ndine Mmalawi wokhala ku Durban, ndipo kwa zaka 6 ndakhala ndikuweta nsomba za mbuna m'thanki ya galasi pabalaza panga chifukwa zimandikumbutsa kwathu ku Nkhata Bay. Chaka chino ndaganiza zoyamba thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali amoyo, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomera pamiyala. Ndagula kale thanki ya masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 msinkhu, pamodzi ndi thanki ya pansi ya malita 100 imene ogulitsa amaitcha sump. Sindikufuna kuti mapaipi azioneka ali mbee pakati pa makorali, choncho ndikuganiza zoyala mapaipi obweza madzi pansi penipeni, kuwakwirira ndi miyala ndi kumata zonse ndi simenti, kuti madzi azituluka m'mapanga ngati kasupe. Kodi pamenepa pali choopsa? Ndine wowerenga wanu wa ku Durban.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ndikugwirizana nanu kuti paipi yoyera imaononga maonekedwe a thanki imene munthu waivutikira, ndipo kuibisa n'kotheka. Komabe pali zinthu ziwiri m'maganizo anu zimene ndikukupemphani kuti muzisinthe musanathire madzi, chifukwa thanki ikadzaza ndipo makorali akagwira pamiyala, kukonza cholakwika kumafuna kuphwasula zonse.

Choyamba ndi kuya kwa malo amene paipi yochokera ku sump ikutulutsira madzi. Pampu ikamagwira ntchito madzi amakwera, koma magetsi akangothima, paipi yomweyo imayamba kukoka madzi a m'thanki yaikulu n'kuwatsitsira pansi, ndipo siileka mpaka kukamwa kwake kutapeza mpweya. M'thanki yanu, sentimita imodzi ya kuya kwa madzi ndi malita 7.2. Mukabisa kukamwa kwa paipi m'phanga lomwe lili masentimita 30 pansi pa madzi, malita 216 adzatsikira mu sump ya malita 100, imenenso nthawi zonse imakhala ili ndi madzi ake kale. Otsalawo adzathera pansi pabalaza, makorali apamwamba adzakhala pamtunda, ndipo madzi amcherewo adzafika pamawaya amagetsi amene ambiri amawasunga m'kabati momwemo. Inu amene mukukhala ku South Africa mukudziwa bwino kuti kuthima kwa magetsi si nkhani yongoganizira chabe.

Chifukwa cha ichi, paipi yobweza madzi kuchokera ku sump izitulutsira pafupi ndi pamwamba, masentimita awiri kapena atatu okha pansi pa madzi, ndipo mwala woibisa ukhale wautali wofika pamenepo. Ngati paipiyo ikudutsa pamwamba pa mkombero wa thanki n'kutsikira m'madzi, boolani timabowo tiwiri ta mamilimita atatu kapena anayi pang'ono pansi pa msinkhu wa madzi, kuti madzi akayamba kutsika mpweya ulowe n'kudula kukokako. Ndanena kuti tiwiri chifukwa nkhono imodzi ikhoza kukhala pabowo limodzi pa nthawi yolakwika, ndipo timabowoti tisabisike kuseri kwa mwala komwe simungatione, popeza timatsekeka ndi ndere ndipo timafunika kutokosa kawirikawiri. Dziwaninso kuti njira imeneyi siithandiza ngati paipi yalowera pabowo la pansi pa thanki n'kuthera m'munsi momwemo, chifukwa pamenepo madzi amangotsika okha ndi kulemera kwawo. Ogulitsa ena adzakuuzani kuti muike valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Ine sindingaike nyumba yanga m'manja mwa valavu yotero, chifukwa kamchenga kamodzi kapena kachigoba kakang'ono n'kokwanira kuiletsa kutseka bwino, ndipo imadontha pang'onopang'ono usiku wonse. Mukamaliza kulumikiza, dzazani thanki ndi madzi wamba, muzimitse pampu ndi dzanja lanu, ndipo muime pomwepo mpaka madzi ataleka kutsika mu sump.

Kasupe wa m'mapanga amene mukumufunayo ali ndi njira yake, imene oweta amaitcha closed loop. Pampu ina imakoka madzi m'thanki yaikulu n'kuwabwezera m'thanki yomweyo popanda kudzera mu sump, choncho magetsi akathima palibe kumene madzi angathawire, ndipo mukhoza kutulutsira madzi pansi penipeni mmene mukufunira. Njirayi imathandizanso pa vuto lina, lakuti pampu ya sump payokha siikwanira. Kudzera mu sump oweta ambiri amayendetsa madzi okwana katatu mpaka kasanu kukula kwa thanki pa ola, pamene makorali amafuna madzi oyenda mkati mwa thanki kokwana ka 20 kapena kuposerapo, kutanthauza malita oposa 8,000 pa ola m'thanki yanu ya malita 432. Vuto la njirayi n'lakuti imafuna kuboola mabowo ena pagalasi. Funsani amene anapanga thankiyo ngati galasi lake ndi lija lolimbitsidwa ndi moto, chifukwa limenelo siliboleka, limangosweka lonse n'kukhala tizidutswa. Ndimakonda kuti mabowo akhale pagalasi lakumbuyo osati lapansi, popeza cholumikizira cha pansi chikadontha thanki yonse imaphwa. Mbali zonse ziwiri za pampu muike valavu ndi cholumikizira chomasula ndi manja chotchedwa union, ndipo pakamwa pokokera madzi pakhale sefa yaikulu imene mungaifike, chifukwa pamenepo m'pamene nkhono ndi tinsomba timakodwa. Ngati zonsezi zikukuchulukirani, mapampu ang'onoang'ono omata pagalasi ndi maginito amagwira ntchito yomweyo, ndipo amabisika kuseri kwa mwala popanda kuboola kalikonse.

Chachiwiri ndi simenti, ndipo apa m'pamene zaka zanu zoweta mbuna zingakusocheretseni. M'thanki ya madzi opanda mchere, mkati mwa paipi mumamera ndere zofewa zimene zimachoka ndi burashi. M'thanki ya makorali madzi amakhala ndi laimu wambiri, ndipo mkati mwa mapaipi mumamera tinyongolotsi tomanga timachubu tolimba, masiponji ndi tinkhono, pamene pakamwa pofika kuwala pamakutidwa ndi ndere zolimba zapinki zotchedwa coralline. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri paipi imachepa mkati ndipo madzi amafooka. Mankhwala ake ndi kuichotsa n'kuiviika m'viniga kapena mu citric acid, zimene simungachite ngati mwaimatira m'kati mwa phiri la simenti lolemera makilogalamu 30 lomwe pamwamba pake pamera makorali a zaka ziwiri.

Mangani miyala yanu m'zigawo zitatu kapena zinayi, chilichonse chotheka kunyamulidwa pachokha, ndipo chilichonse chikhale ngati chigoba chotseka kutsogolo ndi m'mbali koma chotseguka kumbuyo, kuti paipi iime m'mphako popanda kugwidwa. Miyala youma ya m'nyanja yamchere imene imagulitsidwa m'masitolo ndi yofewa ndipo ili ndi timabowo tambiri, choncho imabooleka mosavuta ndi chiboolero cha khoma mukainyowetsa. Mukhoza kuitunga pandodo za acrylic kapena fibreglass ngati mikanda n'kulimbitsa polumikizana ndi epoxy wa m'madzi kapena guluu wa cyanoacrylate. Ena amaboola bowo lalikulu n'kuveka miyala papaipi yeniyeniyo, ndipo zimenezi n'zabwino malinga bowolo likhale lotakasuka kuti mwala uzivulika. Mfundo zomalizira za paipi zimene zili m'kati mwa thanki musazimate ndi guluu, muzingozikankhira, chifukwa zikadontha zimadonthera m'thanki momwemo. Ngati mukufunabe simenti yolumikizira mwala ndi mwala, dziwani kuti simenti wamba ya zomangamanga imakweza kwambiri pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, ndipo iyenera kuviikidwa m'madzi osinthidwasinthidwa kwa masabata angapo isanayandikire chamoyo chilichonse. Miyala ya mbuna ija, ngati ili yolimba yopanda timabowo, isiyeni komwe ili, ndipo musatengeke zokatola miyala kapena makorali ku Sodwana Bay, popeza ndi malo otetezedwa ndipo kutero n'kuphwanya lamulo.

Kulemera kwa miyala kusatsamire papaipi kapena pacholumikizira cha pagalasi. Yambani mwaika miyala pansi, mchenga ubwere pambuyo, chifukwa monga mmene mbuna zimakumbira pansi pa mwala mpaka kuugwetsa, nsomba za mtundu wa goby ndi nkhanu zina zazing'ono za m'nyanja zimachitanso chimodzimodzi. Siyani mpata wolowa dzanja pakati pa miyala ndi galasi, ndipo kamwa limodzi la paipi liloze kuseri kwa miyala kuti zinyalala zisaunjikane pamalo amene simukuwaona. Pamano a bokosi lotsitsira madzi ku sump, kutanthauza timipata ta pamwamba pake polowera madzi, pasakhale mwala uliwonse, ndipo bokosilo likhale ndi paipi yachiwiri yodikira tsiku limene nkhono idzatseke yoyamba.

Mapaipi akhale a PVC, makamaka akuda kapena otuwa, ndipo muwakwechese ndi sanipepa kuti ndere zapinki zija zigwire msanga, chifukwa m'kupita kwa miyezi zimawabisa bwino kuposa mmene mmisiri angachitire. Chilichonse cha mkuwa chisakhudze madziwa, ngakhale kavalavu kamodzi, popeza mkuwa wochepa kwambiri umapha makorali, nkhono ndi nkhanu.

FUNSO: Akonzi, thanki yanga yatha chaka ikuyenda bwino, koma paipi imodzi yoyera ili poonekera pakona. Kodi ndingaibise popanda kuchotsa madzi? Ndine mayi wowerenga wa ku Cape Town.

YANKHO: N'zotheka mayi. Tengani chidutswa cha paipi yokulirapo, muching'ambe mulitali kuti chizivala paipi yanuyo ngati malaya, ndipo kunja kwake mumatepo tizidutswa ta miyala youma ndi epoxy. Chikauma n'kutsukidwa, chivekeni papaipiyo, ndipo tsiku lotsuka mudzangochivula. Mukhoza kumatapo makorali ofewa okula msanga monga green star polyps, koma chovalacho chisakhudzane ndi miyala ina, chifukwa makorali amenewa amayanga ngati udzu n'kuphimba anzawo. Mukasankha makorali a mtundu wa zoanthid kapena palythoa, valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso powagwira, chifukwa ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, popeza nthunzi yake yadwalitsapo mabanja athunthu m'nyumba zawo.