Postdoc ya quantum ku Joni: host kaye, mapepala msanga

Achimwene, mwafunsa komwe mungapemphe postdoc (kafukufuku wa munthu yemwe wamaliza PhD) ya quantum, physics ya tinthu tating'onoting'ono kwambiri, kuno ku Joni, komanso za ku Germany. Za ku Germany ayankhe ena. Awo akuti "ingomwazani CV paliponse" ndikukayika ngati anapondapo mu labu.

Kuno mumayamba ndi host, pulofesa woti akulandireni m'gulu lake. Fomu imabwera pambuyo, ndipo popanda iyeyo siyenda. Pa quantum khomo lodziwika ndi yunivesite ya Wits ku Braamfontein (Braam), ku Structured Light Lab ya Prof Andrew Forbes, komwe amachita za kuwala, ma photon (tizigawo ta kuwala) ndi entanglement (kulumikizana kwa tizigawoti ngakhale titatalikirana). Wits yomweyo inalowa mu IBM Q Network, gulu la mabungwe ogwiritsa ntchito makompyuta a quantum a kampani ya IBM, mu 2019, yoyamba mu Africa muno. Ngati ndinu wa theory, yang'ananinso ku NITheCS, bungwe la dziko lino la sayansi ya theory ndi ya makompyuta. Imelo yopita kwa host ikhale yaifupi: tchulani pepala lawo limodzi la kafukufuku lomwe mwaliwerengadi ndi chomwe inuyo mungawonjezerepo. Ndalama zambiri za NRF, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku, zimapita kwa eni dziko, ndiye mufunseni host ngati ali ndi thumba lake kapena la yunivesite. Malo ambiri amafunanso PhD yosapitirira zaka 5.

Koma pomwe ine ndinapsa ndi pa mapepala olowera kuno. Kalata ya host inandipeza mu November ndili kumudzi, chimwemwe chake ndinasiya ntchito yophunzitsa mu December momwemo. Kupusa kwanga. Ndinali ndisanatumize ma satifiketi ku SAQA, komwe amaunika maphunziro akunja, police clearance ndinalibe, visa ndisanayambe n'komwe. Popanda visa sakulembetsani, popanda kulembetsa khobidi silituluka. Ndinakhala pakhomo mpaka April, ngongole kugolosale, mayi akundifunsa ngati udokotalawu umadyedwa. Inu yambani SAQA lero, host musanamupeze, ndipo ntchito musasiye visa isanalowe mu pasipoti. Police clearance yokha musafulumire nayo kwambiri, imatha mphamvu.

China chomwe ambiri sanena: postdoc kuno siwolembedwa ntchito. Mumalandira stipend yosadulidwa msonkho, mwina cha m'ma R250,000 mpaka R350,000 pachaka kutengera thumba, koma penshoni palibe, medical aid mwina mulipira nokha. Payslip yeniyeni mulibenso, moti landilodi wina anandikana maso ali gwa, mpaka ndinakatenga kalata ku dipatimenti. Kontrakiti nthawi zambiri ndi chaka chimodzi, kuwonjezera kwake amayang'ana mapepala a kafukufuku omwe mwatulutsa. Mufunsiretu host kuti amayembekezera angati, ayankhe pa imelo osati pakamwa.

Kaflati kakang'ono ku Braam ndi cha m'ma R5,000 mpaka R7,000, kuphatikiza dipoziti, ndiye mubwere ndi ya miyezi iwiri m'thumba. Ndipo mukamatuluka mu labu usiku foni ikhale m'chikwama, Uber muyitanire mkati mwa geti.