Milamba ikadalipo pakhwawa, ndiye kuti lebulo likunama?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena amene amalima tomato ndi kabichi kudimba cha ku Lunzu. Ndayifupikitsa motere: "Pa botolo la cypermethrin amene ndimapopera tomato analembapo kuti ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi. Ine chino n'chaka chachitatu ndikutsuka sipuleya pakhwawa pomwe ndimatunga madzi othirira, koma matemba ndi milamba ikadalipo. Amene analemba zimenezi anayeza bwanji? Kapena akungotiopseza? Nanga ndingathe kuyeza ndekha?"

Bambo, lebulo silikunama. Kungoti inu mukuyang'ana nsomba, pamene amene amayamba kufa ndi ena, ang'onoang'ono oti simungawaone mutaimirira pagombe.

M'khwawa lanulo, kupatula nsomba ndi achule, muli khamu la zamoyo zopanda fupa la msana: nkhanu, nkhono, mphutsi za tombolombo, timphutsi tokhala kunsi kwa miyala, ndi tina tosambira tochepa ngati mutu wa singano. Timeneti ndiye ndiwo za nsomba. Amene ali ndi damu la makumba amadziwa chifukwa chake alangizi amati muthire manyowa mpaka madzi abiriwire: ubiriwiriwo ndi ndere, ndere zimadyedwa ndi tizamoyo timeneti, ndipo ana a nsomba amakulira pa ito. Kunyanja nakonso usipa umakhuta tomweti, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu zija zimatuluka m'madzi ngati utsi. Ndipo musaiwale kuti cypermethrin anapangidwira kupha tizilombo. Amasokoneza mitsempha ya mbozi ya pa tomato, ndipo mphutsi ya tombolombo ndi nkhanu ndi abale ake a mboziyo. Mankhwala sasankha kuti uyu ndi wa m'munda, uyu ndi wa m'madzi.

Kanyama kamene ma labotale a dziko lonse lapansi anagwirizana kuti kaziimira anzake onsewa dzina lake ndi Daphnia magna. N'kachibale ka nkhanu, kakakula kamafika mamilimita 5 basi, ndipo kamasambira modumphadumpha ngati nthata. Anakasankha chifukwa n'kosavuta kuweta mumtsuko wagalasi, komanso kakakhala pabwino kakakazi kamaswa popanda kamuna, ana ake n'kukhala ofanana ndi mayi wawo ndendende. Ndiye ukaona kusiyana pakati pa tambula iyi ndi iyo, umadziwa kuti wasiyanitsa ndi mankhwala, osati mtundu.

Kayezedwe kake kanalembedwa ndi OECD, bungwe la mgwirizano wa mayiko osiyanasiyana, ndi njira nambala 202, imene inakonzedwanso mu 2004. Amatenga ana a Daphnia amene sanakwanitse maola 24 chibadwire. Amasungunula mankhwalawo m'madzi pa milingo yosachepera 5, kuyambira wochepa kumakwera, ndipo mlingo uliwonse usapose unzake wapansi kuwirikiza ka 2.2. Pa mlingo uliwonse amaikapo tizamoyo 20, togawidwa m'matambula 4, tisanutisanu. Pambali pamakhala matambula ena a madzi okhaokha opanda mankhwala, oti azifananitsira. Madzi amakhala pakati pa madigiri 18 ndi 22, ndipo pa nthawi yonseyi tizamoyoti sapatsidwa chakudya, poti chakudya chikhoza kuyamwa mankhwala n'kusokoneza zotsatira. Kenako amadikira. Pakatha maola 24 amawerenga, pakatha maola 48 amawerenganso, nkhani yathera pomwepo.

Chimene amawerenga si mitembo kwenikweni. Kudziwa ngati kanthu kochepa chonchi kafadi n'kovuta, ndiye amagwedeza tambula pang'ono n'kuyang'ana kwa masekondi 15. Kamene sikasambira m'masekondi amenewa kamalembedwa kuti kagwa, ngakhale tinyanga take tikugwederabe. Ena amaona ngati uku n'kukokomeza, ine ndimati n'kolondola. Mumtsinje, kanyama kolephera kusambira kamamira, kapena kutengedwa ndi madzi, kapena kudyedwa. Katha basi.

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake oitayira. Ngati m'matambula opanda mankhwala mwagwa tizamoyo toposa 10 pa 100 tilitonse, kutanthauza toposa tiwiri mwa 20 tija, zonse mwachitazo n'zotaya. Chimodzimodzinso mpweya wa okosijeni ukatsika kufika pansi pa mamiligalamu 3 pa lita, chifukwa sungadziwe ngati tagwa ndi mankhwala kapena ndi kubanika. Ma labotale osamala amayezanso ziweto zawozo ndi potassium dichromate, mankhwala amene mphamvu yake imadziwika kale: theka liyenera kugwa pa mlingo wa pakati pa mamiligalamu 0.6 ndi 2.1 pa lita m'maola 24. Zikapanda kutero ndiye kuti ziwetozo n'zofooka kapena zalimba mopitirira. Ine ndili pasukulu ndinapululapo mtsuko wathunthu wa Daphnia usiku umodzi. Ndinathiramo madzi a pampopi osadikira kuti klorini achoke, m'mawa n'kupeza tonse tili gone pansi. Milungu itatu yoweta inapita choncho, ndipo palibe amene ndikanamuloza chala.

Pa zowerenga zija amatulutsapo nambala imodzi yotchedwa EC50, yomwe ndi mlingo wa mankhwala umene umagwetsa theka la tizamoyo m'maola 48. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera: nambala ikachepa ndiye kuti poizoni ndi waukali. Mankhwala ofunika chidebe kuti aphe ndi ofatsa poyerekeza ndi ofunika dontho. Pa ndondomeko ya GHS, imene United Nations inakonza yolembera machenjezo, EC50 ikakhala miligalamu imodzi pa lita kapena kucheperapo, mankhwalawo amalowa gulu loyamba, la poizoni woopsa kwambiri kwa za m'madzi. Awa ndi aja amakhala ndi chithunzi cha nsomba yakufa ndi mtengo wouma. Kuyambira pamenepo mpaka 10 ndi gulu lachiwiri, mpaka 100 lachitatu.

Tiyeni tiziike m'madiramu kuti zimveke. Miligalamu imodzi pa lita ndi galamu imodzi m'madiramu 5 a malita 200. Koma cypermethrin wanuyo sayezedwa n'komwe m'mamiligalamu. EC50 yake pa Daphnia siifika maikulogalamu imodzi pa lita, kumene kuli galamu imodzi m'madiramu 5,000. Taonani pa botolo lanu. Ngati palembedwa 200 EC, ndiye kuti lita imodzi ili ndi magalamu 200 a mankhwala enieniwo, ndipo mililita imodzi, yosadzaza n'komwe kasupuni ka tiyi, ili ndi magalamu 0.2. Kadontho kameneko n'kokwanira kufikitsa pa mlingo woopsawo damu lonse la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, lakuya mita imodzi. Ndiye ganizirani thovu loyera lija limatuluka mukamachukucha sipuleya.

Nanga bwanji milamba ikadalipo? Choyamba, musamve ngati cypermethrin amaleka nsomba. Amazipha ndithu, pa milingo yochepanso kwambiri, kungoti tizamoyo tija timagwa msanga kuposa izo. Chachiwiri, khwawa limayenda. Zotsuka zanu zimadutsa ngati gulu la nthenya, mphindi zochepa zapita kumunsi, ndipo nsomba ili ndi zipsepse zothawira pamene kamphutsi komata pamwala kalibe kolowera. Mankhwala a mtundu umenewu sakondanso kukhala m'madzi, amakakamira ku matope ndi zinyalala zowola, komwe n'kumene timphutsi timakhala ndi kudya. Ndiponso mlamba ndi nsomba yolimba, yopuma ngakhale mpweya wa kunja, yokhala m'matope momwe zinzake sizingakhale. Kuuyesa mboni ya ukhondo wa madzi kuli ngati kufunsa fisi ngati nyama yaola. Funso labwino ndi lakuti matemba a chaka chino ndi ochuluka ndi onenepa ngati a zaka zitatu zapitazo kapena ayi.

Ndisakusiyeni mukuganiza kuti kayezedwe aka n'kopanda chilema. Maola 48 ndi ochepa. Mankhwala akhoza kusiya kanyama kakusambira bwinobwino koma kosabereka, ndipo zimenezo zimaoneka pa kuyeza kwina kwa masiku 21, njira nambala 211. Madzi a mu labotale ndi oyera ndi ozizira, si a khwawa la ku Lunzu mu Okutobala. Chimene chimandivuta kwambiri ine n'chakuti Daphnia saimira aliyense. Chitsanzo ndi imidacloprid, mankhwala ophera nsabwe za m'masamba: Daphnia amapirira mamiligalamu makumimakumi pa lita, pamene mphutsi zina za m'mitsinje zimagwa pa mlingo wochepa kuwirikiza ka 1,000. Mukanangodalira Daphnia mukanati mankhwalawa ndi ofatsa. Mu 2011 OECD inawonjezera njira nambala 235, yoyezera pa mphutsi za Chironomus, tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu. Ndiye nambala ya EC50 muziitenga ngati sikelo yofananitsira botolo ili ndi ilo, osati chilolezo chothira mumtsinje mpaka mlingo wakutiwakuti. Ndipo imayeza mankhwala amodzi paokha. Amene anaimapo pamlatho wa Mudi nthawi yachilimwe akudziwa kuti mtsinje wa m'tauni sulandira chinthu chimodzi.

Mukafuna kuiona nambalayo ndi maso anu, funsani kwa ogulitsa chikalata chotchedwa Safety Data Sheet. Gawo 12 ndi limene limanena za chilengedwe, ndipo dzina la Daphnia mudzalipeza pamenepo. Mankhwala ophera tizilombo ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kukhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board, ku Bvumbwe. Aja ogula pamsika m'kabotolo kopanda lebulo, sindingakuuzeni n'komwe chimene chili m'katimo.

Za sipuleya n'zachidule. Tungani madzi ndi ndowa, mukatsukire kumtunda kutali ndi khwawa, ndipo madzi otsukirawo muwapopere pa tomato yemweyo. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi ake muthire mu sipuleya, kenako muliboole kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta. Amayi kunyumba muwauzenso za neti ya udzudzu: ili ndi mankhwala a banja lomweli, ndiye yochapira m'beseni, osati pamtsinje.

Kuyeza EC50 panokha simungathe, pamafunika sikelo yoyeza mamiligalamu ndi ziweto zodziwika msinkhu. Koma khwawa lanu mukhoza kulifunsa. Ku South Africa anakonza njira yotchedwa miniSASS imene ngakhale ana asukulu amagwiritsa ntchito, ndipo mutu wake ndi womwewu. Tengani beseni loyera ndi kansalu ka sefa. Pitani kumtunda kwa pamene mumatsukira, kopanda dimba la wina pafupi, mutembenuze miyala 10 ya m'madzi oyenda n'kutsukira za kunsi kwake m'beseni. Werengani mitundu imene mukuiona, osati kuchuluka kokha. Mukatero chitani chimodzimodzi kumunsi, pa miyala yofanana ndi madzi akuya mofanana, tsiku lomwelo. Mukapeza timphutsi tofiira tambirimbiri ndi zina zochepa, kawirikawiri vuto limakhala zonyansa zowola, monga za m'chimbudzi kapena m'khola. Mukapeza kuti timphutsi ta miyendo tasowa, tinkhanu tating'ono kulibe, koma nkhono zili mbwee, ganizirani za mankhwala ophera tizilombo, poti nkhono siziwamva kwenikweni. Ndipo poti tatchula nkhono, polowa m'madzimo muvale magambuti, likodzo limachokera kwa izo.