Mankhwala ndi omwewo, nanga bwanji wodi ina inamuthandiza msanga?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mlongo wawo wagonekedwapo kawiri chifukwa cha matenda a maganizo. Ulendo woyamba anatuluka ali duu, osafuna kuyankhula ndi munthu. Ulendo wachiwiri anagona m'wodi ina, mankhwala omwewo, koma anabwerako akucheza komanso akudzisamalira. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi wodi ndi anthu ogwiramo ntchito angasinthe munthu chonchi, kapena ndikungodzinamiza?"

Mayi, simukudzinamiza. N'zoona kuti matendawa amakula n'kumachepa paokha, ndiye mwina ulendo wachiwiriwo anali atayamba kale kupepuka. Koma zomwe mwaonazo madokotala anaziona kalekale. Kumeza mapiritsi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Nanga tsiku lonselo wodwala amatani, ndipo amakhala ndi ndani?

Ku England, John Wing ndi George Brown anayerekeza zipatala zitatu za odwala schizophrenia (matenda a maganizo omwe munthu amatha kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe), ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 1970. Kumene odwala ankangokhala tsiku lonse opanda chochita, ndi komwenso ambiri anali achete, osayankhula, ngati afa mtima. Atawapatsa ntchito zamanja ndi ufulu pang'ono, ambiri anatsitsimuka. Choncho zina zomwe timati "ndi matendawo" zimabwera ndi wodiyo.

Nyumbayo payokha ili ndi mbali yake. Kafukufuku wa mu 1996 ku Edmonton, m'dziko la Canada, anasonyeza kuti odwala matenda ovutika maganizo amene anagona m'zipinda zowala dzuwa ankatuluka pakatha masiku pafupifupi 17, pamene a m'zipinda zamdima ankafika masiku 19 kapena 20. Phokoso la usiku, kuthithikana, kusowa pobisala ukafuna kulira, zonsezi zimalanda tulo, ndipo kwa munthu wa matenda a bipolar (omwe nthawi zina amasangalala mopyola muyezo, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri) kusagona kumatha kuutsa matendawo.

Komabe ine mutandifunsa kuti ndisankhe pakati pa wodi yokongola ndi anamwino achidwi, ndingasankhe anamwino. Penti sayankha munthu amene akumva mawu omuopseza pakati pa usiku. Len Bowers, yemwe anali namwino asanakhale pulofesa ku London, anayambitsa ndondomeko yotchedwa Safewards. Mulibe mankhwala atsopano mmenemo. Muli tinthu tooneka tating'ono: anamwino ndi odwala kugwirizana malamulo a m'wodi m'malo mongowakhomera pakhoma, kufotokoza chifukwa pokana pempho la wodwala, kukhala naye pafupi akalandira uthenga woipa, kutchulako chabwino chimodzi cha wodwala aliyense posinthana mashifiti. Atayesa m'mawodi 31 a zipatala 15, zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti mikangano inatsika ndi 15 peresenti, ndipo kugwira odwala mwamphamvu, kuwatsekera kapena kuwabaya jakisoni mokakamiza kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndewu zambiri za m'wodi zimayambira pa zinthu wamba, monga kukanizidwa foni kapena kudikira pakhomo la ofesi osayankhidwa. Wodwala akagwidwa mwamphamvu n'kubayidwa, amadekha tsiku limenelo, koma chikhulupiriro chimatha. Mawa sadzanena kuti mankhwala akumuumitsa khosi kapena akumunjenjemeretsa manja. Adzangodikira kutuluka kuti asiye mankhwalawo. Amene amamvedwa amadandaula msanga, mlingo umasinthidwa, ndipo amapitiriza kumwa ali kunyumba.

Apa ndisawaweruze anamwino mopitirira. Munthu mmodzi wosiyidwa ndi odwala ambirimbiri usiku wonse sangakhale pansi n'kumacheza, ngakhale atakhala wamtima wabwino chotani. Nkhanza zina ndi kutopa, ndipo mlandu wake ndi wa oyendetsa chipatala.

Mlongo wanu akadzagonekedwanso, musamangoona ngati pansi pakolopedwa. Onani kumene anamwino amakhala, m'kati mwa odwala kapena kuseri kwa chitseko. Funsani dzina la namwino amene akumuyang'anira, zomwe odwala amachita masana, komanso ngati achibale mungakhalepo pokonza zotuluka. Muwauzenso zomwe zimamukwiyitsa ndi zomwe zimamukhazika mtima pansi, poti zimenezo mukuzidziwa ndinu. Ndipo musachoke osapatsidwa tsiku loti adzaonedwenso, makamaka m'sabata yoyamba, chifukwa masabata oyambirira atatuluka ndi pamene chiopsezo chodzipha chimakhala chachikulu.