Dimba lingamuthandize, koma musamukakamize

Mwafunsa ngati dimba la permaculture (ulimi wotsanzira mmene chilengedwe chimayendera) lingathandize mwana wanu amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limapangitsa kuti mwana azivutika kucheza ndi kulankhulana ndi anthu). Lingathandize ndithu, kungoti musayembekezere kuti limuchiza.

Ana ambiri otere mtima umakhala m'malo zinthu zikamachitika mofanana tsiku lililonse, ndipo kudimba ndi momwemo: kuthirira m'mawa, kutaya makoko pa kompositi, kuphimbira nthaka ndi udzu. Mwana wanga poyamba dothi lonyowa ankanyansidwa nalo, ndiye ndinangomupatsa magolovesi ndi kafosholo. Pano amatha theka la ola atanyonyomala, akuonerera nyongolotsi, ine kumuitana osamva n'komwe.

Mupatseni kabedi kakekake kodzalapo mbewu pafupi ndi khomo, pamalo opanda phokoso. Ngati amakonda kuika zinthu m'kamwa, zulani zomera zapoizoni, ndipo mgolo wa madzi muzivindikira nthawi zonse.