Yankho pa funso la chigwiriro cha puleni ya Stanley nambala 4

Akulu, mwati mwapeza puleni yakale yopalira matabwa ya Stanley nambala 4, chitsulo chake chili bwino koma chigwiriro chakumbuyo chinathyoka pakati ndipo chakutsogolo chija chozungulira chinang'aluka, ndiye mukufuna kusema zina kunyumba. N'zotheka ndithu, ngakhale magetsi atathima. Koma musanagwire sowo, sungani bwino kandodo kachitsulo kamene kamadutsa m'kati mwa chigwiriro pamodzi ndi nati yake yamkuwa. Mazinga a Stanley ndi akeake, 20 pa inchi, ndipo sagwirizana ndi mabawuti a M5 kapena M6 a m'mahadiweya a ku Kamwala kuno ku Lusaka. Mukakakamiza bawuti ya M6, muwononga mazinga a m'thupi la puleni, ndipo vuto limenelo n'lalikulu kuposa la chigwiriro.

Ngati chakale chinathyoka mwaukhondo, zidutswa n'kumalumana bwino, yambani mwayesa kumata. Pukutani mothyokamo ndi acetone, mankhwala osungunula mafuta, chifukwa mtengo wa rosewood umene Stanley ankagwiritsa ntchito kale uli ndi mafuta, pakani guluu wa epoxy wochedwa kuuma, mupanikize usiku wonse. Pakandodo pakani sera kuti kasamatikire m'kati. Chikakanika, chisungeni kuti mujambulirepo.

Mtengo wake ndi mukwa, umene kwathu kum'mawa timati mlombwa. Susuntha kwambiri nyengo ikasintha ndipo suvuta kusema. Mukusi, teak ya ku Zambezi ija, ndi wolimba komanso wokongola koma umabunthitsa zida msanga. Paini musayese n'komwe, nati imangolowa m'thabwa ngati m'sopo. Ku msika wa Buseko matabwa alipo ambiri, kungoti ambiri amakhala asanaume. Mupeza bwino kwa akalipentala a ku Kalingalinga, pa zotsalira zawo, kapena pa mwendo wa bedi lakale ndi felemu ya chitseko chogumulidwa. Mukakayika, ikani kathabwako pa sikelo ya kukhitchini mlungu uliwonse. Kulemera kukasiya kutsika, kauma. Mufunika kachidutswa kochindikala 25 mm, kukula kwake 130 mm mbali zonse, kopanda mfundo.

Mitsempha ya mtengo iyende chogona, kutsata pansi pa puleni, monga mmene zilili pa chakale. Ambiri amadabwa nazo poganiza kuti yoimirira ndiye yolimba, koma mukaiimika, kanyanga kapamwamba pa chigwiriro ndi phazi lake lapansi zimabenthuka tsiku loyamba. Kufooka kwa mitsempha yogona n'kwakuti chigwiriro chikhoza kuduka pakati, ndipo ntchito ya kandodo kachitsulo ndi imeneyo: kamapanikiza mtengo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chigwiriro chimathyoka chikakhala cholobodoka, osati chifukwa mtengo ndi wofooka.

Tsopano pamene anthu ambiri amalakwitsa. Boolani kaye, kusema kubwere pambuyo. Mukayamba ndi kusema, mulibenso mbali yowongoka yoti mugwire pa vayisi kapena kuyezerapo, ndipo biti imatulukira m'mbali. Kandodo sikaima chilili, kamapendekera kutsogolo pafupifupi madigiri 65. Musadalire nambala imeneyi, tengani pa puleni yanuyo: mangani kandodo pamalo pake popanda chigwiriro, mudule kakatoni mpaka kagone bwino pakati pa kandodo ndi chitsulo chapansi. Ndi kakatoniko jambulani mzere wa bowo pankhope ya thabwa, kuyambira m'mphepete mwapansi mmene mwawongola kale.

Kuboola pamalo opendekera kumatereretsa biti. Choncho dulani kangodya pamwamba, pamene mzere ukutulukira, kuti pakhale kabwalo kokhala sikweya ndi mzerewo. Pansi ingosemani kadzenje koyambira ndi msomali. Yambani ndi bowo la nati, biti ya 11 mm kapena 12 mm, ndipo kumbukirani kuti pamwambapo mudzadulapo, ndiye kuya kwake muyeze kuchokera pamene chigwiriro chidzathere. Mukayamba ndi bowo laling'ono, biti yaikulu imasowa pogwira n'kumavina. Kenako tengani biti ya 7 mm, muboole theka kuchokera pamwamba, theka kuchokera pansi, akumane pakati. Kandodo n'kosakwana 6 mm, ndiye 7 mm imakupatsani mpata wokhululukira kaphonyo kakang'ono. Tulutsani biti pakangopita 15 mm iliyonse kuti utuchi uchoke, apo ayi imatentha n'kuyamba kutsata mitsempha. Ngati mulibe dirilo yoima payokha, uzani mwana aime pambali aziyang'ana ngati biti ikutsata mzere, inu muziyang'ana kutsogolo.

Mabowo akakumana mopingasa pang'ono, kulungani sandipepa pa waya wokhuthala musalaze m'katimo. Akaphonyana kwambiri, tayani, mwangowononga mphindi 20 basi. N'chifukwa chake ndi bwino kudula zidutswa ziwiri.

Pansi pa chigwiriro pafunika mphako. Yang'anani pa puleni: pamene kandodo kamalowa pali kachitunda, ndipo kutsogolo kwake pali kachiphuphu koletsa chigwiriro kupotoka. Detsani zonsezi ndi pensulo, mukanikizepo thabwa, museme pamene padetsedwa. Nambala 4 ilibe sikuluwu yachiwiri. Mapuleni akuluakulu monga nambala 5 ndiye ali nayo kuphazi. Thabwa likhale pansi osagwedezeka ngakhale pang'ono. Likatsamira pakachitunda, lidzang'aluka mukamanga nati.

Zikatero jambulani maonekedwe motsata bowo lenilenilo, osati mzere munajambula poyamba uja. Dulani ndi coping saw, kasowo kopyapyala kodulira mokhotakhota, kunja kwa mzere, muyeserenso pa puleni. Onani ngati kanyanga kakusiya mpata wa kachitsulo kosunthira mpeni kumanja ndi kumanzere. Kambiri chigwiriro chatsopano chimatalika n'kumakagunda. Kuzungulitsa kwake, lembani mzere pakati pa kuchindikala, wina 8 mm kuchokera m'mphepete pankhope zonse ziwiri, museme ngodya ndi tupa ya mano akuluakulu yokhota mbali imodzi. Khosi, pamene pamakhala pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, ndi pamene muchedwepo. Gwirani, kankhani ngati mukupala, pomwe pakukanda chotsanipo. Zigwiriro za fakitale zinapangidwira dzanja la aliyense, chanuchi mukhoza kuchisiya chonenepa ngati muli ndi chikhatho chachikulu. Kanyanga musakapyapyalitse kupitirira 8 mm kunsonga. Sandipepa yambani 80, kenako 120, 180, 240. Fumbi la mitengo yolimbayi limayabwa m'mphuno, valani chotchinga.

Chigwiriro chakutsogolo n'chosavuta. Apa mitsempha imaimirira, kutsata kandodo. Dulani kachipika ka 45 mm mbali zonse, kutalika kofanana ndi chakale, muboole chimodzimodzi. Ngati mulibe lathe, makina ozunguza mtengo posema, lowetsani bawuti yaitali ya M6 ndi mawashala, mumange ndi nati, muigwiritse pa dirilo yomangirira pa benchi. Chotsani kaye ngodya ndi sowo, kenako dirilo izizungulira pang'onopang'ono inu mukusema ndi tupa. Ngati puleni yanu ili ndi kamkombero kachitsulo pamene chimakhala, tsinde lilowe momasuka. Likathina, mvula ikayamba limafufuma n'kung'aluka.

Vanishi yokhuthala imatulutsa matuza m'manja ndipo imasupuka. Pakani mafuta a linseed owiritsa katatu, tsiku limodzi pakati, mukupukuta otsala pakatha mphindi 15, pomaliza sera. Nsanza za mafutawa muyanike panja zotambasula, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Za nyengo ya kuno ku Lusaka musaiwale. Popeza mitsempha ndi yogona, chigwiriro chimafupika pang'ono chilimwe chikafika pachimake, cha mu Okutobala, ndiye nati imene munamanga mu February imamasuka. Muziyesa ndi dzanja musanayambe kupala. Mukamanga nati n'kufika polimba chigwiriro chikugwederabe, ndiye kuti mazinga atha asanapanikize mtengo. Ikani washala wamng'ono pansi pa nati, kapena mufupikitse kandodo ndi 2 mm kumutu kwake ndi tupa, osati mbali yolowa m'puleni.