Yankho kwa achimwene ofunsa za chombo chotera chokha

Achimwene mwafunsa kuti chombo chobwera kuchokera mumlengalenga chimatera bwanji popanda munthu ochiyendetsa, mwati mwina ndi GPS ngati ya mufoni basi. Ayi ndithu, GPS payokha singakwanitse.

Mkati mwa chombomo muli kachipangizo kotchedwa IMU, momwe muli ma gyroscope ndi ma accelerometer, ntchito yake ndi kumva kuti chombo chatembenuka bwanji, chawonjezera kapena chachepetsa liwiro motani, kompyuta nkumawerengera pomwe chafika osafunsa kunja. Zili ngati mwakwera kombi pa Mbare kupita ku town mutatsinzina, mumamva kuti apa yakhota, apa dalaivala waponda buleki, koma ulendo ukatalika mumayamba kuphonya chifukwa tizolakwika tating'ono timaunjikana. Apa mpomwe GPS imalowera kudzakonza, masetilaiti ake ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo pamafunika anayi kapena kuposa kuti malo adziwike. Ziwirizi, IMU ndi GPS, kompyuta imaziphatikiza ndi masamu otchedwa Kalman filter, a Rudolf Kalman a mu 1960, ndipo masamuwa anagwiranso ntchito pa maulendo a ku mwezi a Apollo.

Pomwe pamandisangalatsa ine ndi apa. Chombo chimalowa mumpweya chikuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, mpweya wa kutsogolo kwake umapanikizika nkutentha koopsa mpaka kusanduka plasma yomwe imachikuta, ndiye kwa mphindi zingapo ma signal a wailesi amatha kudukiratu, GPS zii. Nthawi yovutayi IMU ndi imene imagwira ntchito yokhayokha, chifukwa chombo chikapendekeka molakwika chipsa kapena chikagwera kutali. Liwiro likatsika GPS imabwerera nkukonza pomwe panaphonyeka, kenako pafupi ndi pansi radar imayeza kutalika komwe kwatsala.

Ndipo sizatsopano izi abale, Buran, chombo cha Soviet Union, inazungulira dziko kawiri nkutera yokha ku Baikonur ku Kazakhstan pa 15 November 1988 mulibe munthu, ikuthandizidwa ndi mawailesi a pansi osati GPS. Gawo loyamba la roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX linatera choimilira mu December 2015, mu April 2016 nkutera pa chombo cha panyanja.

Za foni zija iwalani achimwene, ma GPS ambiri a anthu wamba anawapanga dala kuti azisiya kuwerenga liwiro likapitilira makilomita pafupifupi 1,900 pa ola, kuopa kuti wina angawamange pa mzinga.